Galu wa pansi pa mlatho wa Mudi akufuna khomo

Lachiwiri m'mawa

Nachisale wa ku Zingwangwa: Mwadzuka bwanji nonse. Pepani ndalowa ndi vuto m'mamawa uno. Dzulo ndikuweruka ku msika wa Blantyre komwe ndimagulitsa kaunjika ndinaona galu pansi pa mlatho wa Mudi, atagona pa zinyalala zomwe madzi anakokolola. Ndinkayesa wakufa chifukwa ntchentche zinali zitadzaza pakhosi. Nditaponya chidutswa cha mandasi anangodzutsa mutu, thupi osasuntha. Pakhosipo pali waya. Zikuoneka kuti anamumanga ali kamwana, iye n'kumakula wayayo ali pomwepo, moti mbali ina walowa m'mnofu sakuonekanso. Nthiti mutha kuwerenga muli tsidya lina la msewu. Anyamata onyamula katundu anandithandiza kumukulunga m'chiguduli cha belo, wakabaza n'kundilipiritsa kawiri ati chifukwa cha fungo. Pano ali m'khitchini yapanja. Ndi wamkazi, wofiirira, wachikuda weniweni. Ine chibadwire sindinawetepo galu ndipo nyumba ndi yalendi. Ndiyambire pati?

Mjomba wa ku Bangwe: Muyambire pokamubweza pomwe mwamutola kkkk. Mayi, anthu tikuyenda wapansi kuchoka ku Limbe, inu mukukweza galu kabaza?

Bambo a Chikondi, adimini: A Mjomba, gulu lino tinatsegulira nkhani zomwezi. Mayi Nachisale, tisanapite patali: wakulumani kapena kukukandani? Ana amugwira?

Nachisale wa ku Zingwangwa: Ayi bambo. Alibe ndi mphamvu yoti n'kuluma. Ana ndawaletsa koma wamng'onoyo akungosuzumira pazenera.

Agogo Nabanda a ku Chilomoni: Mwana wanga, mtima wako ndi wabwino koma undimvere. Ine ndinapuma pa unamwino ndipo ndinaonapo mwana wodwala chiwewe. Ludzu lili naye, koma ukamubweretsera kapu ya madzi akunjenjemera n'kuikankha, mayi ake ali pomwepo. Zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala, timangodikira. Choncho galu amene sukudziwa komwe wachokera akhale payekha, chitseko chotseka, ana asamuyandikire. Akaluma kapena kunyambita pachilonda cha munthu, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, muyang'ane pawotchi, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Osati kupaka phulusa, osati kudikira Lolemba.

Wa ku MUBAS: Agogo, koma mu Blantyre muno si agalu ambiri anabayidwa kale? Chaka ndi chaka timaona anthu ovala malaya achikasu aja.

Agogo Nabanda a ku Chilomoni: Amenewo ndi a Mission Rabies. Anayamba kuno mu 2015, madokotala a ku Queens atadandaula za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe. Chaka choyambacho anabaya agalu oposa 35,000 mumzinda muno m'masiku 20 okha. Cholinga chawo n'choti agalu 70 pa 100 alionse abayidwe, chifukwa zikatero matendawa amasowa poyenda. Koma 70 si 100, mdzukulu wanga. Galu wa waya pakhosi ukuganiza alipo anamunyamula kupita naye kusukulu Loweruka kuti akabayitse?

Alangizi a ziweto: Agogo anena zoona. Mayi Nachisale, wayayo musayese kumudula nokha ndi pulayala. Galu womva ululu amaluma ngakhale amene akumuthandiza, komanso pakhosi pamadutsa mitsempha ikuluikulu. Afunika jakisoni womugoneka kaye. Pitani naye lero kwa a vetenale kapena ku BSPCA, bungwe loteteza ziweto la mu Blantyre, ali ndi chipatala cha ziweto. Chachiwiri ndi chakudya. Ndikudziwa chisoni chikukuuzani kuti mumuthirire mbale yodzaza, koma galu amene wakhala ndi njala nthawi yaitali mukamukhutitsa tsiku limodzi mutha kumupha. Phala la mgaiwa lamadzimadzi, dzira lowiritsa kapena usipa wosinja wopanda mchere, timasipuni tochepa, kanayi kapena kasanu patsiku. Muziwonjezera pang'onopang'ono sabata yonseyi. Ndiwo zotsala zokhala ndi anyezi ayi, anyezi amawononga magazi a galu. Mafupa ankhuku ophika ayi, amasweka ngati singano. Panado ndi bufeni musayerekeze.

Mjomba wa ku Bangwe: Dzira? Ine mwezi uno dzira ndangoliona pa chikwangwani.

Lachitatu usiku

Nachisale wa ku Zingwangwa: Ndabwerako. Waya achotsa, anali wozungulira kawiri. Andipatsa m'kapepala ndabwera naye kunyumba, kaya ndimusungiranji. Adokotala akuti galuyu ali ndi chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, aona mano. Nkhama zake ndi zotuwa chifukwa cha nkhupakupa, m'makutu zinali ngati mphesa. Amubaya wa chiwewe, andipatsa khadi, mankhwala a njoka zam'mimba ndi ena akumwa. Koma chomwe chandinyansa ndi timatuza tapamimba. Anafinya kamodzi ine ndikuona, munatuluka mphutsi yoyera yonenepa ikugwedezeka. Anachotsa zisanu ndi zinayi. Nsima yamadzulo yandikanika.

Alangizi a ziweto: Nyengo yamvula ino n'zosadabwitsa. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa dothi lonyowa kapena pansalu zonunkha mkodzo, timphutsi take timaboola khungu n'kumakulira momwemo. Ndi yomwe ija imatipangitsa kusita matewera a ana. Mukaona thuza lina lokhala ndi kabowo pakati, tsekani kabowoko ndi Vaseline, mphutsi ikasowa mpweya imasuzumira yokha ndipo mumafinya mosavuta. Chiguduli chomwe akugonapo muzichapa n'kuyanika pachingwe, osati paudzu.

Ankolo a ku Machinjiri: Pomwe ubweya wasosoka pakani oyilo wakutha wagalimoto. Kwathu timatero, mphere zimatheratu.

Alangizi a ziweto: Ankolo, chonde ayi. Galu amanyambita oyiloyo, ndipo wina amalowera pakhungu. Ndaona agalu akufa ndi mankhwala amenewo mphere zikadalipo. A mphere enieni alipo kwa a vetenale.

Patapita masiku 12

Nachisale wa ku Zingwangwa: Abale, Mudi wadzuka. Ana ndi amene amutcha Mudi. Masiku anayi oyamba sankadya ine ndili pomwepo, ndimayenera kuika mbale n'kutuluka. Ndikanyamula tsache ankadzikodzera. Ndiye ndinayamba kumakhala pakhomo la khitchini ndikusankha nyemba, osamuyang'ana, osamuyankhula. Lachisanu ndinangomva mphuno yozizira pachidendene. Sindinatembenuke, ndinaopa kuwononga. Lero wagwedeza mchira koyamba, kwa bambo akunyumba, omwe aja ankati galuyu akagona muno iwo akagona kwa achimwene awo. Dzulo ndawagwira akubwera ndi kajumbo ka zotsala za kubutchala ati anangopatsidwa.

Koma vuto ndi ili. Mumpanda mwathu muli nyumba zitatu. Anzathu a nyumba yapakati ali ndi mwana wongoyamba kuyenda ndipo akadandaula kwa alandilodi. Sindikuwada, nanenso ndikanaopa. Alandilodi andipatsa mpaka kutha kwa mwezi wamawa, apo ayi tisamuke tonse ndi galu wathuyo. Ndiye ndikufuna munthu womutenga.

Mayi a Mphatso a ku Namiwawa: Asisi, mwagwira ntchito yovuta kale, yatsalayi ndi yopweteka mutu chabe. Ine ndasungapo agalu asanu ndi mmodzi motere mpaka kuwapezera makomo, ndipo pawiri ndinalakwitsa. Musathamange chifukwa cha alandilodi. Masabata asanu ndi limodzi ndi ambiri. Choyamba mumutseketse asanachoke m'manja mwanu. Galu wamkazi amafuna amuna kawiri pachaka, bere lake ndi la masiku 63 basi, ndipo akhoza kuswa ana asanu, asanu ndi awiri. Mukamupereka osatseka, pofika Disembala ana ake adzakhala m'katoni pansi pa mlatho womwe uja.

Bambo a Chikondi, adimini: Ndipo anthu ambiri amakana wamkazi chifukwa cha zomwezo. Ukanena kuti ndi wotseka nkhope zimasintha.

Mjomba wa ku Bangwe: Kulera kwafika ndi kwa agalu komwe. Dziko lapita ili.

Alangizi a ziweto: Adikire kaye anenepeko ndipo nkhama zifiire, mwina masabata awiri kapena atatu. Opaleshoni pa galu wopanda magazi ndi kuika moyo pachiswe. Akatsekedwa, ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14, ndiye muwerengere bwino masiku anuwo.

Wa ku MUBAS: Amayi, chithunzi munatumiza chija musaike pa Facebook. Mwajambula muli chiimire, galu akuoneka ngati thumba la makala. Gwadani kuti foni ifanane ndi maso ake, m'mawa dzuwa lisanakwere, kumbuyo kusakhale ndowa ndi mapoto. Cha bala chija chibwere pambuyo, anthu akaona magazi amadutsa msanga. Munditumizire ndikulembereni mawu ake.

Mayi a Mphatso a ku Namiwawa: Koma mulembe zoona zokhazokha. Kuti amaopa tsache, kuti sanazolowere ana aang'ono, kuti pakhosi pali chipsera. Mukabisa adzakubwezerani pa sabata.

Lolemba lotsatira

Nachisale wa ku Zingwangwa: Foni yanga sinalirepo chonchi ngakhale tsiku lotsegula belo. Anthu 23 andilembera. Funso loyamba pafupifupi onse: ndi mtundu wanji? Ndikati wachikuda, zii. Ena: ndi wamwamuna? Ena: amaluma? Ndikati saluma akuti ndiye wantchito yanji. Wina wati ndimubweretsere ku Lunzu ndi ndalama yanga. Mnyamata wina wati amutenga lero lomwe osafunsa chilichonse, ndi dzina lomwe.

Bambo a Chikondi, adimini: Ameneyo musamupatse. Wosafunsa kanthu nthawi zambiri ndi wokagulitsa. Simuwaona anyamata oimika tiana ta agalu m'mwamba m'mphepete mwa msewu dzuwa lili pamutu? Amakuuza kuti ndi German Shepherd, pakatha miyezi itatu makutu ali pansi ngati a mbuzi.

Ankolo a ku Machinjiri: Anthu amafuna haibulidi chifukwa wakuba akaona msinkhu amabwerera.

Alangizi a ziweto: Koma haibulidi yemweyo nkhupakupa ziwiri zokha wagona, ndipo amadya kuposa mwana wasukulu. Wachikuda anazolowera dzuwa lathu ndi matenda athu. Amadwala ndithu, katemera amafunika chimodzimodzi, koma salephera msanga.

Mayi a Mphatso a ku Namiwawa: Asisi, otsalawo muziwafunsa. Ine funso langa lalikulu ndi limodzi: galu wanu wakale anapita kuti? Mumve bwino yankho lake. Wina amati anangosowa, wina amati tinamusiya posamuka, wina amati anadya nkhuku ndiye tinathana naye. Wina amakhala chete kaye kenako n'kukuuzani dzina la galuyo. Mukatero mufunse pomwe azigona, amene azimupatsa chakudya eni ake akapita kumaliro kumudzi, ndiponso ngati alandilodi awo akudziwa. Pomaliza mupite mukaone pakhomopo ndi maso anu musanapereke.

Nachisale wa ku Zingwangwa: Iii asisi, zokaona pakhomo pa munthu ine manyazi. Munthu wamkulu ndi ndevu zake ndikamufunse kuti galu azigona pati? Adzati mayi wakaunjika ameneyu akudziona ngati ndani.

Mjomba wa ku Bangwe: Galu wa m'ngalande mpaka chinkhoswe kkkk. Mutiuze tsiku tidzabwere ndi nkhuku ndi mpeni.

Agogo Nabanda a ku Chilomoni: Sekani a Mjomba, koma kale kumudzi munthu sankakupatsa mwana wagalu asakukudziwa. Ankadziwa kuti kwa uje kuli mlenje, galu akadya. Ndipo maina ake ankakhala ndi nkhani: Tilekeni, Adaniwanga, Mwatitha. Ukaitana galu mokweza, mnansi amene munayambana naye wamva uthenga wake. M'tauni muno sitidziwana, ndiye kufunsako kwalowa m'malo mwa kudziwana.

Wa ku MUBAS: Nanga kulipiritsa kandalama pang'ono? Ndinamva kuti chaulere anthu sachisamala.

Mayi a Mphatso a ku Namiwawa: Ine sindigulitsa. Ndimangoti munthu abwere ndi mbale yake ndi lamba, ndipo adzamutenge yekha. Amene walephera kukwera minibasi kudzaona galu sadzakwera kupita naye kukatemera.

Patapita masabata atatu

Nachisale wa ku Zingwangwa: Nkhani yabwino. Mudi anatsekedwa, ulusi achotsa dzana, ndipo wapeza khomo kwa munthu wa pagulu pompano. Mpanda wanjerwa, geti yachitsulo, ana akuluakulu. Amutenga mawa.

Mayi a Mphatso a ku Namiwawa: Munakaonako?

Nachisale wa ku Zingwangwa: Ananditumizira zithunzi asisi. Komanso ndi munthu wodziwika pano.

Lamulungu madzulo

Nachisale wa ku Zingwangwa: Ndikulemba manja akunjenjemera. Sinditchula dzina. Lero potuluka kutchalitchi ndinati ndikamuone Mudi, papita masiku asanu. Ndamupeza m'kabokosi kamalata kuseri kwa nyumba, kotseka mbali zonse, 1 koloko masana dzuwa lili ng'aa. Nditagwira lata linanditentha dzanja. Madzi munalibe, mbale inali itagubuduka. Ndipo amumanga tcheni pakhosi pomwe paja, chipsera chatseguka chikutuluka madzi. Atamva mawu anga sanauwe, anangolira ngati mwana. Mwezi wathunthu ndikutsuka bala limenelo ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo. Ndalakwa ndine, asisi a ku Namiwawa anandiuza.

Ankolo a ku Machinjiri: Musavutike kubisa dzina mayi, ndine. Ndipo ndiyankha pompano poti mwaziika pagulu. Ine sindine munthu wankhanza. Ndimagwira ntchito usiku, mkazi wanga ndi ana amagona okha. Chaka chatha akuba analowa kawiri. Ulendo wachiwiri anayamba aponya nyama ya tameki pampanda, galu wanga Tiger ndinamupeza m'mawa atauma, thovu kukamwa. Anali galu womasuka, wokonda aliyense, ndipo n'chimene chinamupha. Bambo anga anandiphunzitsa kuti galu wolondera masana asaone anthu, azitsegulidwa usiku basi. Theka la Machinjiri limachita zomwezo. Za madzi ndavomera, mwana anaiwala. Koma musandiyankhule ngati ndapha munthu.

Mjomba wa ku Bangwe: Apa nthabwala ndasiya. Ankolo akunena zomwe ambiri timachita, kungoti iwo agwidwa.

Wa ku MUBAS: Kuchuluka kwa ochita sikusandutsa chinthu kukhala chabwino. Malata masana ndi uvuni.

Bambo a Chikondi, adimini: Tiyankhulane mwaulemu. Wa ku MUBAS, awa ndi akulu ako.

Mayi a Mphatso a ku Namiwawa: Ankolo, pepani za Tiger, tameki wapha agalu ambiri mumzinda muno. Ine sindikukuonani ngati munthu woipa. Inu mumafuna mlonda, asisiwa amafuna khomo la mwana wawo, ndipo palibe anafunsa mnzake. Zikanadziwika pa kapu imodzi ya tiyi pakhonde panu. Chithunzi chimaonetsa geti, sichionetsa kuseri kwa nyumba.

Alangizi a ziweto: Ndiyankhepo za kutsekera, chifukwa ndimakumana nazo sabata iliyonse, pamodzi ndi zothira tsabola kapena chamba m'chakudya ndi zodula mchira ati akhale wolusa. Galu wokulira mumdima sakhala wolimba mtima, amakhala wamantha, ndipo wamantha sasankha woluma. Anthu amene ndimawalembera kuti athamangire kuchipatala ambiri si akuba ayi. Ndi mwana wa pakhomo pomwepo amene anapita kukatsegula, wantchito, kapena wowerenga mita yamadzi. Ntchito ya galu usiku ndi kuuwa kuti anthu adzuke ndi kuyatsa magetsi. Galu amene amadziwa onse apakhomo ndi amene amazindikira msanga kuti phazi ili ndi lachilendo. Za poizoni, chomwe chimathandiza ndi kumudyetsa madzulo akhute ndi kumugoneka pakhonde pafupi ndi chitseko, kutali ndi mpanda komwe nyama imagwera. Sizitchinjiriza kotheratu, koma bokosi silitchinjirizanso, poti usiku mumamutsegulira yemweyo ali ndi njala. Ngati masana afunika kumangidwa, kokani waya wautali pakati pa mitengo iwiri pamthunzi, tcheni iziyenda pawayapo. Koma Mudi yekhayu pakhosi pasadutsenso kanthu.

Ankolo a ku Machinjiri: Ndamva alangizi. Za waya wautalizo ndiyesa ndikapeza wina. Koma uyu ndinene zoona si galu amene ndimafuna. Masiku asanu sanauwepo ngakhale kamodzi. Mayi Nachisale, musavutike ndi kabaza, ndimubweretsa ndekha mawa ndikaweruka. Thumba la madeya ndinamugulira lija libwera naye.

Nachisale wa ku Zingwangwa: Zikomo ankolo. Pepani ndinalemba ndi mkwiyo.

Agogo Nabanda a ku Chilomoni: Mwachita zachikulu nonse. Koma masiku a alandilodi atsala angati?

Nachisale wa ku Zingwangwa: Khumi ndi limodzi, agogo.

Lachitatu

Nachisale wa ku Zingwangwa: Wabwerera m'khitchini mwake. Wayambiranso kuopa, koma osati ngati poyamba, usiku womwewo anadya ine ndili pomwepo. Ndinatenga malamba a chikwama chakaunjika chomwe chinakanika kugulika, atelala a kumsika andisokera lamba wodutsa pachifuwa ndi kumsana, khosi osakhudza. Atelalawo anaseka mpaka misozi poyesa galu ndi tepi, koma chinthucho chakhala bwino moti anthu awiri afunsa kale mtengo.

Bambo a Chikondi, adimini: Zikavuta funsani ku BSPCA ngati ali ndi malo. Kapena wina pano amusungeko sabata ziwiri.

Mayi a Mphatso a ku Namiwawa: Ine ndikanamutenga koma ndili ndi tiana ta agalu tiwiri tomwe tikuchira matenda otsegula m'mimba zamagazi aja, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Sindingalowetse galu amene sanamalize katemera wake.

Mjomba wa ku Bangwe: Ndinene kanthu koma musandiseke. Ndili ndi mlongo wanga wamkulu ku Chigumula, amuna ake anatisiya zaka zinayi zapitazo. Amakhala ndi mdzukulu wa Fomu 2, amaweta nkhuku zachikuda ndi kulima masamba. Chiyambireni nkhaniyi ndakhala ndikumutumizira zithunzi za Mudi kuti tiziseka limodzi, koma iye saseka. Dzulo wandifunsa kuti kodi galu uja anabwerako ku Machinjiri.

Wa ku MUBAS: A Mjomba omwe aja a dzira?

Mjomba wa ku Bangwe: Ndati musandiseke.

Mayi a Mphatso a ku Namiwawa: Galu wawo wakale anapita kuti?

Mjomba wa ku Bangwe: Ndinadziwa kuti mufunsa. Anafa ndi ukalamba chaka chatha ali ndi zaka 13, maso atachita khungu, mano atatha. Miyezi yomaliza ankamuphikira phala ngati khanda. Anamukwirira pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo anandiitanitsa ine kuchoka ku Bangwe kudzakumba dzenje. Dzina lake anali Zilipano. Ndinadandaula tsiku lonse kuti ndasiya ntchito chifukwa cha maliro a galu.

Mayi a Mphatso a ku Namiwawa: Asisi Nachisale, valani nsapato.

Alangizi a ziweto: Chimodzi chokha: nkhuku. Galu amene anakhalapo ndi njala m'tauni mwina anaphunzira kudzigwirira. Mupite naye pa lamba, mumuyendetse pafupi ndi nkhuku muone. Akangoyang'ana n'kutembenuka, zili bwino. Akauma thupi, maso osaphethira, mutu pansi, pali ntchito. Masabata awiri oyamba asasiyidwe yekha ndi nkhuku, ndipo mugwirizane kuti ndi zoyesa, zikakanika abwerere popanda kukwiyirana.

Loweruka usiku

Nachisale wa ku Zingwangwa: Tapita, ndipo ulendo uno ndinazungulira mpaka kuseri, manyazi ndinawasiya mu minibasi. Mayiwo anandionetsa okha ndisanafunse: pakhonde pali dengu lakale la Zilipano, mpanda ndi wa mitengo yamoyo wothinana bwino, mthunzi ponseponse. Sanathamangire kumugwira Mudi. Anakhala pamkeka n'kumasenda chinangwa, akucheza ndi ine ngati galuyo palibe. Patapita nthawi Mudi anapita yekha kukanunkhiza chitenje chawo n'kugona chapafupi. Nkhuku zazikulu sanazilabadire, tambala anachita kumuthamangitsa. Koma anapiye atadutsa makutu anaima. Mayiwo anaona, anangoti tamuona. Ndamusiya. Pobwerera ndalira kuyambira ku Chigumula mpaka ku Limbe, kondakitala mpaka anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Kunyumba wamng'ono uja wakana kudya, ndipo bambo ake akuti mbale ya galu isachotsedwe kaye.

Agogo Nabanda a ku Chilomoni: Usapiteko sabata yoyambayi mwana wanga, ungamusokoneze. Uziimba foni.

Patapita masiku 10

Mjomba wa ku Bangwe: Lipoti la ku Chigumula. Loyamba labwino: Mudi amauwa. Lachinayi usiku anauwa mpaka mlongo wanga anadzuka ndi tochi, anapeza ndi ng'ombe ya eni yadula chingwe ikudya mpiru. Ankolo a ku Machinjiri mumve zimenezo. Lachiwiri loipa: dzulo wapha mwanapiye mmodzi. Mdzukulu anasiya chitseko cha khola chotsegula popita kusukulu. Sanadye, anangomusiya pakhonde.

Nachisale wa ku Zingwangwa: Mayo ine. Ndilipira mwanapiyeyo. Auzeni asamumenye chonde, ndibwera kudzamutenga. Ndikapempha alandilodi masiku ena.

Ankolo a ku Machinjiri: Galu akalawa nkhuku sasiya. Ena amamumangirira yakufayo pakhosi masiku atatu.

Alangizi a ziweto: Pakhosi pomwe paja ankolo? Sizigwira ntchito, galu sagwirizanitsa fungo la lero ndi zomwe anachita dzulo. Anapiye akhale m'chikwere kapena m'khola lotseka mpaka akule, iye aziyenda pa lamba pakati pa nkhuku tsiku lililonse, akaziyang'ana n'kuzisiya apatsidwe kausipa.

Mjomba wa ku Bangwe: Dikirani ndimalize, ndinapita kukathira mayunitsi. Mlongo wanga wanditumizira mawu, ndikulemba momwe wanenera. Akuti uwauze mayi a ku Zingwangwa asunge ndalama yawo, mphamba amanditengera anapiye atatu pa sabata ndipo sanabwerepo kudzapepesa. Akuti wolakwa ndi wosiya chitseko, ndipo wakambirana naye kale. Akuti galu sapita kulikonse, koma mayiwo anaiwala kusiya khadi la katemera, nanga a chikasu aja akabwera adzaonetsa chiyani.

Nachisale wa ku Zingwangwa: Khadi lili m'Baibulo langa, ndinaika kuti lisanyowe n'kuiwala. Ndipatsira kondakitala wa minibasi ya ku Bvumbwe mawa.

Mjomba wa ku Bangwe: Ayi, makondakitala ataya. Loweruka ndidutsa pa benchi yanu kumsika cha m'ma 10, ndikupita komweko kukakhoma chitseko cha khola. Mundisungirenso jekete yabwino ya saizi yanga, kuzizira kwayamba.